Chaka Chimene Anandidulira Chiwale

Anzanga akamakumbukira chaka cha njala chija amatchula kalongonda, madeya ndi mango owiritsa. Zonsezo ndinadya nawo, sindikana. Koma chimene chimandibwerera m'makutu ine ndi kulira kwa chikwanje m'dambo, masanasana, mudzi wonse uli zii. Ndine Felesiya, kwathu amanditchula Amake Lusiya, ndipo ndimakhala kumunsi kwa phiri la Mulanje, kufupi ndi Limbuli, m'mbali mwa msewu wopita ku malire a Mozambiki. Pakamwa ndili napo, amene amandidziwa akuuzani, koma nkhani iyi sindikukokomeza.

Novembala

Mvula yoyamba inachedwa, ndipo itabwera inali yonyenga. Inangonyowetsa fumbi, ife n'kuthamangira kubzala chimanga ndi nandolo, iyo n'kubwerera kuphiri. Komabe mwezi umenewu mitima inali isanade. Maganizo anga ine anali kudimba.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi chaka cham'mbuyo mwake, chimene namondwe anagumula phiri. Madzi ndi miyala zinatsika n'kutenga nyumba, minda ndi anthu. Bambo ake a Lusiya anapita pamenepo, ndipo sitinawapeze. Tinadikira mpaka kutopa, kenako tinachita zimene mabanja ena ambiri anachita: tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, kuliika m'bokosi n'kukaliika kumanda. Kuyambira pamenepo, maliro opanda mtembo sanalinso chinthu chachilendo kwathu.

Madzi ataphwa tinaona chinthu china m'dambo. Pamene panali ziwale nthaka inagwira, ndipo chitsime sichinakwiririke. Pamene ziwale zinadulidwa kale, madimba anasanduka mchenga wokhawokha. Tsono ziwalezo zinali zitatsala zowerengeka, chifukwa opanga mipando ndi zitseko anali atazisadzula kwa zaka zambiri. Ife a madimba tinapangana gulu loti tizisamale. Wapampando tinasankha Abiti Saidi, mayi wachisilamu wogulitsa zitumbuwa pa Limbuli, munthu wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana.

Lamulo linali limodzi: nthambi yaiwisi ya chiwale isadulidwe. Tinangosiya khomo limodzi, la maliro. Kuyambira makolo, munthu wa kwathu amapita m'bokosi la chiwale cha m'dimba la kwa amayi ake. Ngakhale afere kutali, abale amadula nthambi n'kumutengera komweko. Abiti Saidi ndiwo anaumirira kuti khomo limeneli likhale.

"Ife tili ndi jeneza lathu lonyamulira maliro ku mzikiti," anatero, "koma wakufa wa anzathu sitingamumane chake."

Chiwale chimabereka kamodzi kokha pa moyo wake. Chimakula zaka zambirimbiri, kenako chimatulutsa mikoko ikuluikulu yolendewera, zipatso zake za mamba ngati a nsomba, ndipo zimatenga zaka kuti zikhwime. Zikakhwima, icho chimauma. M'dambo lonse, chimene chinali ndi mikoko chinali chimodzi basi, ndipo chinali m'dimba limene amayi anatisiyira ine ndi achimwene anga a Layisoni. Zina zonse zinali zanthete kapena zopunduka ndi zikwanje. Akuluakulu ataziyang'ana zipatsozo anati zikhwima tikakolola. Gulu lonse linkadikira mbewu imeneyo, ndipo anandiuza poyera kuti chikagwa zisanakhwime, chiwale chatha kwathu. Ndinalonjeza kuti chifika. M'mawa uliwonse ndinkapita kukachizonda ndisanasukusule n'komwe.

Disembala

Dzuwa linakhazikika. Chimanga chinafika m'mawondo n'kuyamba kupota masamba, m'mawa chimaoneka ngati chatsitsimuka, pofika masana chapotanso. Mitambo inkasonkhana pamwamba pa phiri tsiku ndi tsiku, yakuda bwino, kugunda kumene, koma osatsika. Ku esiteti anasiya kulemba aganyu poti tiyi sankaphuka. Pamsika chigoba cha chimanga chinali ndi mtengo wa m'mawa ndi mtengo wa madzulo, ndipo ukanyinyirika wogulitsa ankangoyang'ana amene ali kumbuyo kwako.

Chinthu chimodzi chokha chinkagulidwa bwino: nthambi za chiwale. Opanga mipando pa Limbuli anali ndi maoda ochokera m'tauni, kumene njala siletsa anthu kukhala pabwino. Ankatuma mawu m'midzi kuti amene ali nazo abwere nazo.

Woyamba anali a Mofati, oyandikana nane dimba. Anapita kwa Abiti Saidi chipewa chili m'manja.

"Abiti, kwatigwera zovuta. Malume anga a Jowaki atisiya tsidya lija la Muloza."

"Iii, pepani, pepani. Kadulenitu, koma zam'munsi zokha."

Ndinawaona akudutsa ndi njinga, nthambi zitamangidwa m'litali, nkhope ili yakugwa. Ndinaima pambali n'kuwapepesa ndi mtima wonse, ine wopusa. Msewu wopita ku maliro a tsidya la mtsinjewo, ku Mozambiki, ndi womwewo wopita ku msika wa Limbuli, ndiye palibe akanadziwa pamene njinga yaima. Chimene ndinaona n'chakuti anabwerako tsiku lomwelo, ndipo kukhitchini kwawo, kumene kunali kutazizira, kunatuluka utsi.

Khirisimasi tinadya mango aawisi owiritsa ndi masamba a chinangwa. Kutchalitchi tinaimba ndithu, koma nyimbo zinkathera m'njira.

Januwale

Tsidya la Muloza kunayamba kufa anthu. Uyu azakhali, uyu msuweni, uyu agogo amene sitinawamvepo chibadwire. Aliyense wopita kwa Abiti Saidi ankatchula dzina, chifukwa mwambo umafuna kuti podula nthambi yoyamba utchule amene ukumudulira. Ndikamapalira m'dimba ndinkamva mawu a munthu akutchula dzina chapansipansi kuseri kwa bango, kenako chikwanje, kho, kho. Kulira kunalibe. Masiku amenewo ngakhale agalu anali atasiya kuuwa, ndiye dzina lililonse linkamveka bwinobwino m'dambo monse.

Pa msonkhano wa gulu ndinalephera kudzigwira.

"Kodi tsidyali kwagwa mliri wanji wosankha anthu amene ali ndi chiwale kuno okhaokha? Anthu inu simukuchita manyazi? Mukupha abale anu ndi pakamwa chifukwa cha chigoba cha chimanga!"

Ena anawerama, ena anandiyang'ana ndi maso ofiira. Abiti Saidi anadikira ndimalize.

"Amake Lusiya, munthu akabwera kuti waferedwa, ine ndimuuze kuti kanditengere mtembo ndiuone? Inuyo wa amuna anu munauonetsa kwa ndani?"

Ndinakhala pansi. Mawu amenewo anandilasa, koma sanali abodza.

Tsiku lina la msika, a Jowaki anatulukira pa Limbuli. Eee, omwe aja anamwalira mu Disembala. Anabwera ndi njinga yawo kudzagulitsa makaka, chinangwa chouma chija, ndipo atatopa anakhala pa mpando watsopano wa chiwale umene unali pa malonda m'mbali mwa msewu. Azimayi a kwathu amene anawaona anauma pomwepo. Iwo n'kumaseka.

"Bwanji kodi azimayi inu? Mukundiyang'ana ngati ndakuberani. A Mofati ali bwanji kumeneko?"

Palibe anawauza. Anapuma, anausisita mpandowo n'kunena kuti ndi wabwino, anakwera njinga n'kumapita. Nkhaniyi itafika kumudzi tinaseka mpaka misozi, ndi njala yomweyo. Koma mwezi usanathe uthenga unabwera kuti a Jowaki agona osadzuka, osadwala ngakhale mutu. A Mofati anapitanso kwa Abiti Saidi, ulendo uno akulira zenizeni, koma m'dimba mwawo munalibenso nthambi yodula. Malume awo anapita m'mphasa.

Kuseka kunatha. Mphekesera inayenda pa mjigo, kuchigayo ndi kutchalitchi komwe, yakuti chiwale chikadulidwa m'dzina la munthu chimamuitana, ndipo sichitopa. Kenako tinamva kuti mayi wina amene anatchulidwanso watupa miyendo. Ine ndinkauza anthu kuti chaka cha njala okalamba amafa, palibe chodabwitsa. Ndinkanena molimba, koma ndikalowa m'dambo ndekha, mphepo n'kugwedeza nthambi zikuluzikulu zija, zinkamveka ngati munthu akukoka mphasa kumbuyo kwanga, ndipo ndinkachita mantha. Zikwanje zinaleka. Ndinaganiza kuti mantha atithandiza pamene lamulo linalephera.

Febuluwale

Uwu ndiwo mwezi umene njala inalowa m'nyumba n'kukhala pansi. Madeya kuchigayo ankatha kusanache bwino. Chimanga cha thandizo tinkangomva kuti chafika mudzi wakuti, ife chikubwera. Ndinagulitsa foni, ndinagulitsa nkhuku, ndinatsala ndi kalongonda. Nyemba imeneyi imafuna kuwiritsa tsiku lonse ukutaya madzi, ukaifulumira imakuzunguza mutu. Tsiku lina Lusiya, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anali Fomu 2 nthawi imeneyo, anagwa pakhomo akuchokera ku mjigo. Nditamudzutsa anandiuza kuti palibe kanthu, wangopunthwa. Panalibe chopunthwapo.

Anthu ankawoloka kukagwira ganyu ku Mozambiki, kumene mvula inagwako pang'ono ndipo malipiro anali makaka. Ndinaganiza zopita. Achimwene a Layisoni anakwatira ku mudzi woyandikana nafe, ndipo kwawo zinthu zinali zoipa kuposa kwanga. Ana awo tsitsi linali litayamba kufiira. Ndinawaitana kudimba, pansi pa chiwale pomwepo. Mikoko inali ikulendewera pamwamba pathu, wam'munsi utayamba kufiirira.

"Achimwene, Lusiya ndakusiyirani, ichinso ndakusiyirani. Nthambi ngakhale imodzi."

"Pitani bwino, achemwali. Ine ndi mwana ngati?"

"Ndikudziwa kuti kwanu kwavuta. Ndikabwera nazo tidzagawana pakati."

"Ndamva. Musachedweko."

Ndinachedwako. Munda wa patarawu, bwana amene anatilemba, unali kutali kupitirira Milanje, ndipo tinkagona m'chisakasa anthu ochokera midzi yosiyanasiyana. Nditangokwanitsa thumba langa, malungo anandigwetsa. Anzanga amene ndinapita nawo anali atasamukira minda ina. Mkazi wa patarawu ndi amene ankandimwetsa phala, akundilankhula Chilomwe chimene ndinasiya kuyankha amayi atamwalira. Nditayamba kuima, mvula imene tinkaipempha chibzalire inabwera yonse pakamodzi, yopanda ntchito, ndipo Muloza anadzaza. Ife a katundu wapamutu sitidzera pa mlatho, timadzera pa madooko. Ndinakhala tsidya ndikuyang'ana madzi, phiri lathu likuoneka apo, uthenga wopanda woutumiza.

Malichi

Ndinalowa m'mudzi dzuwa lili pamutu, thumba la makaka kumutu, ndodo m'manja, nditaonda ngati chikuni. Pa mjigo panali azimayi. Ndinawapatsa moni.

"Mwaswera bwanji anthuni?"

Mjigo unasiya kulira. Mmodzi anabwerera chambuyo mpaka kugwetsa ndowa, wina anatola mwana wake n'kuthawa osatenga chigubu. Mkazi wa a Mofati anawerama, anatapa mchenga n'kundiwaza kumapazi, maso ali pa ine.

"Mwapenga kodi? Ndaonda inde, koma ndine ndemwe."

Ndinapitirira ndikutukwana chamumtima. Njira yonse zitseko zinkatsekeka ndisanafike. Pakhomo panga ndinapeza milu ya phulusa ikuluikulu, zitsa zopserera mbali imodzi, udzu utapondedwa bwalo lonse monga pamakhalira pamene pagona anthu ambiri. Ndinadziwa kuti pachitika maliro, ndipo m'nyumbamo ndinasiyamo munthu mmodzi yekha.

Ndiye ndinamuona. Lusiya anali atakhala pakhonde, kumutu atametedwa mpala, atavala chitenje changa cha kutchalitchi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakuwe, sanathawe. Anafunsa mofatsa, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera.

"Amayi, mwabwera kudzanditenga?"

"Ndikutengere kuti? Tandilandira katunduyu, khosi landipweteka."

Anadzuka pang'onopang'ono. Thumba sanaligwire. Anagwira mkono wanga, anautsina, anaika khutu pachifuwa panga. Kenako analira kulira kumene sindinakumvepo, ngakhale tsiku la bambo ake. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti maliro a pakhomo panga anali anga.

Atatonthola anandiuza. Amalume ake anabwera ndi uthenga wakuti ndakokoloka pa Muloza. Anthu anasonkhana, a kwaya anaimba, thunthu la nthochi linakulungidwa mu nsalu yanga ina. Bokosi linali la chiwale.

Sindinamwe ngakhale madzi. Ndinatsikira kudimba, Lusiya akundithamangira pambuyo. Ndili patali ndinaona kuti kumwamba kwatseguka pamalo pamene sipanatsegukepo chibadwire changa. Chiwale chinali pansi, chonse. Thunthu linali litagona m'matope, lopanda nthambi ndi imodzi yomwe. Mikoko inali itaphwanyika pogwa, zipatso zosakhwima zili mbwee, zina zitada, zina nkhumba zitafukula. Ndinatola chimodzi n'kuchiswa ndi mwala. M'kati munali madzi onunkha. Ndinakhala pa thunthupo, ndipo ndikuuzeni zoona, zoti anandiika m'manda zinali zisanandipweteke, koma apa ndinamva kuwawa mpaka m'mafupa.

A Layisoni anabwera okha, wina atawauza. Anaima patali ndithu.

"Achemwali."

"Yandikirani, sindiluma. Anakuuzani ndani kuti ndafa?"

"Anabwera munthu wa njinga. Amvekere mayi wina wa cha kuno wapita ndi madzi pa dooko, thumba kumutu."

"Dzina anatchula?"

"Anati wamtali, wolongolola."

"Nde wolongolola dziko lonse lino ndine ndekha? Munapitako kukafunsa?"

Anayang'ana pansi.

"Chabwino, ndafa. Bokosi limodzi limadya chiwale chathunthu?"

"Anthu a pamaliro amadyatu, achemwali. Nthambi zabwino zinali pamwamba, wokwera panalibe, aliyense chizungulire. Nde tinangogwetsa. Zotsala tinapita nazo pa Limbuli. Ana anga anadya. Lusiya anadya. Koma kulira ndinalira zenizeni, Mulungu akudziwa."

Ndinkafuna kuwalalatira mpaka mudzi wonse umve, ndipo mawu ndinali nawo okwanira. Koma nditawayang'ana ndinaona kuti sakuopa pakamwa panga. Ankandiyang'ana mmene azimayi aja anayang'anira a Jowaki pa mpando.

"Podula munatchula dzina langa?"

"Mwambo umatero."

Makaka aja ndinawagawa pakati monga ndinalonjezera. Anatuma mkazi wawo kudzatenga, ndipo iye anaima kunja kwa bwalo.

Epulo

Tinakolola zoti n'kunyamula pa dengu limodzi, zitsononkho zazifupi za mano apatalipatali. Amene anabzala mbatata mvula ya mochedwa ija ndiwo anapumako. Mtengo wa chimanga unatsika pang'ono, anthu anayambanso kupatsana moni mokweza. Koma osati kwa ine.

Mudzi wonse unkadikira kuti ndife. Sankandida ayi, ankandimvera chisoni, chimene chili choipa kuposa. Ndikatsokomola kutchalitchi, mzere wonse unkatembenuka. Pa mjigo ankandipatsa malo kuti nditunge msanga ndizipita. Amene analandira zovala zanga pa maliro anazibweza m'mamawa, kuziika pakhonde osagogoda. Mayi wina anabwera ndi mbatata yophika, n'kukhala kundiyang'ana ndikudya, kenako anandipempha kuti ndikakafika ndikapereke moni kwa mwana wake amene anapita ndi namondwe. Ndinamuthamangitsa ndi chipande. Atapita ndinatseka chitseko n'kuyamba kudzigwiragwira miyendo kuona ngati yatupa.

Lusiya ankadzuka m'mawa n'kuyamba wandiyang'ana pachifuwa ngati ndikupuma. Ankaganiza kuti sindikuona.

Gulu la chiwale linangofa lokha. Tinkasamalira chiyani, mbewu itapita? Abiti Saidi okha ndiwo ankabwera kwathu, kukhala pa mphasa yanga n'kumwa madzi m'kapu yanga.

"Khomo lija ndinatsegula ndine," anatero tsiku lina.

"Munatsegulira akufa, Abiti. Amoyo ndi amene analowapo."

"Nanga manda aja? Akuluakulu akuti afafanizidwe, thunthu lichotsedwe, kuti imfa ikusiyeni."

Zimenezo ndinkazifuna ndithu, sindibisa. Koma adzukulu, anthu okumba manda, salowa kumanda ndi njala. Pamafunika ufa ndi ndiwo zoti adye, ndipo chaka chimenecho panalibe wotha kudyetsa gulu la amuna chifukwa cha maliro a munthu wamoyo. Anati tidikire tigulitse nandolo. Nandolo naye anakanika. Manda anga anakhala choncho chilimwe chonse, ndipo ine sindinapiteko kukawaona ngakhale kamodzi. Ndikamadutsa njira ya kufupi ndi msitu wa kumanda ndinkayang'ana kumbali.

Disembala winanso

Mvula ya chaka chotsatira inabwera bwino, pa nthawi yake. A Layisoni anagwira ganyu ku esiteti, ndipo malipiro oyamba anagula ufa ndi nkhuku za adzukulu osauzidwa ndi munthu. Iwonso chakacho chinawadya. Anali ataonda kuposa nthawi ya njala, poti aliyense ankadziwa pakamwa pamene panatuluka dzina langa.

Tinapita m'mawa, dzuwa litatuluka: adzukulu ndi makasu awo, a Layisoni, Lusiya ndi ine. Abiti Saidi anatiperekeza n'kuima kunja kwa mitengo. Manda athu ali m'mphepete mwa dambo, mu msitu umene nkhwangwa siilowa, ndipo pansi pake pamakhala ponyowa ngakhale mu Okutobala. Tinadutsa pa bambo ake a Lusiya. Patsogolo pang'ono ndinaona kamtanda kathabwa, dzina langa litalembedwa ndi penti yoyera, molakwika pang'ono.

Mtumbira unali utatitimira pakati, thunthu la nthochi litawolera pansi, ndipo m'kadzenjemo munali chinyontho. Mdzukulu wamkulu anakweza khasu. Lusiya ndi amene anakuwa.

"Dikirani!"

Kuzungulira mtumbira wonse, mwa mzere ngati wina anachita kuyeza, panali timasamba tobiriwira, tosongoka, totalika ngati chala. Sunali udzu. Ndinagwada n'kufukula pambali pa kamodzi ndi chala. Pansi pake panali chikhokho cha mamba, chitang'ambika.

"Nkhata panalibe ngakhale imodzi, amayi," Lusiya anatero. "Manda anali mbee. Nde ndinakatola zipatso za mkoko wam'munsi uja, zofiirira zonyezimira zija, n'kuzitsindira kuzungulira kuti pakongoleko. Munkazikonda."

Ndinaitana Abiti Saidi kuti aone. Anasuzumira ali pomwe anaimapo, dzanja pakamwa.

"Tizule tikabzale kudimba," anatero mdzukulu wina, "kenako tigwire ntchito yathu."

"Zanthete choncho mukazigwedeza muzu zifa," anayankha Abiti. "Zimafuna zikhale pomwepo mpaka zitalimba. Si chaka chino, mwinanso si chamawa."

Onse anayang'ana ine. A Layisoni anagwada pafupi nane, m'matope momwemo, munthu wamkulu.

"Achemwali, chonde. Tifafanize. Mandawa akakhala, chinthu chija chizikuitananibe. Mukafa anthu adzati ndine. Inenso ndidzati ndine."

Mantha ndinali nawo, ndipo ndikanama nditati analipo pang'ono. Ndinaganiza za a Jowaki akusisita mpando. Ndinayang'ana mwana wanga, amene anaika kale mayi ake m'manda kamodzi. Kenako ndinayang'ananso timasamba tija. M'dambo lonse munalibenso tina.

"Ikani makasu pansi," ndinatero. "Nkhuku mukadya ndithu, musadandaule. Koma pano sipakumbidwa."

Mpaka lero manda anga alipo. Adzukulu anandilola kulowa kumanda nthawi ina iliyonse, poti amati mwini malo saletsedwa. Chilimwe ndimapita ndi ndowa m'mawa, ndipo ana a sukulu akandiona ndikulowa mu msitumo amathawa. Gulu linadzukanso, ndipo tsopano wodula nthambi za maliro amapita ndi mboni mpaka kumene kuli malirowo. Mbande zina zinafa, zambiri zagwira, zafika m'chiuno. Kamtanda kaja kakapendekeka ndimakawongola ndekha, chifukwa dzina langa likadali pamenepo palibe wa chikwanje amene amayandikira. Ndikadwala chimfine, a Layisoni amabwera kudzakhala pakhonde osanena kanthu mpaka nditachira.

Tsiku lina Lusiya anandithandiza kunyamula madzi. Tikuthirira, anafunsa osandiyang'ana.

"Nanga tsiku lenilenilo likadzafika, amayi, tidzakuikeni pati?"

"Cha uko, pafupi ndi bambo ako. Ndipo udzawauze adzukulu adzadzere njira ya kumtunda ndi bokosilo. Pano asadzapondepo."